Risiva ya mlamu wanu ikumveka bwino kuposa yanu? Yesani izi musanagulitse

Msika wa fodya ukangotsegulidwa ku Chinkhoma, funso ili limayamba kubwera kuno ku Kasungu, ndipo silisiya mpaka mvula itagwa. Munthu wagula Sony, wapita kukacheza kwa mlamu wake ku Santhe, wakamva Yamaha ikugunda, wabwerako yake isakumukomeranso. "Amisiri, yabwino ndi iti? Yangayi ndigulitse?" Ndayankha pakamwa mpaka ndaona kuti kuli bwino ndilembe malo amodzi, aliyense aziwerenga yekha.

Ndikamati risiva ndikunena bokosi lolemera lija la home theatre, lomwe kumbuyo kwake kuli mabowo a HDMI ndi pomangirira masipika 5 kapena 7: Denon, Yamaha, Onkyo, Pioneer, Marantz, Sony. Ambirife timangoti ampu. Sindikunena sabufa zam'mashopu zija zobwera ndi timasipika tiwiri ndi timagetsi tophethira, ngakhale zina mwa izi zikhudzanso izo.

M'bokosimo muli zigawo zitatu. Choyamba chimalandira mawu kuchokera ku dikoda, TV kapena foni n'kuwamasula. Chachiwiri chimawakonza: kuwonjezera besi, kuchepetsa kuthwa, kuwagawira masipika. Chachitatu ndiye ampu yeniyeni, yomwe ntchito yake ndi kukuza mawu osawasintha. Ampu ziwiri zopangidwa bwino, zikamagwira ntchito osapyola mphamvu zake, zimamveka mofanana kwambiri kuposa mmene ogulitsa amanenera. Chigawo chachiwiri ndicho chinapangidwa dala kuti chizisintha mawu, ndipo kampani iliyonse imachipanga mwa njira yake. Choncho marisiva amathadi kumveka mosiyana, koma zambiri zomwe munamva kwa mlamu wanu zinachokera ku chipinda chake, masipika ake, voliyumu yomwe anakweza ndi zimene zinatcheredwa mu menyu. Zimenezi tizichotsa chimodzichimodzi, kuti chotsalacho ndicho mugulire kapena kugulitsira.

1. Yambani ndi magetsi ndi thanzi la bokosilo

Tembenuzani risiva muwerenge zolembedwa pafupi ndi nthambo yamagetsi. Magetsi athu ndi 230 volts, 50 Hz. Marisiva ochokera ku UK ndi ku Joni amagwirizana nawo. Koma ena akaunjika anapangidwira America, komwe ndi 120 volts, kapena Japan, komwe ndi 100 volts, ndipo amenewa amadalira thiransifoma yotsitsa magetsi. Thiransifomayo ikakhala yaing'ono, nyimbo ikafika pogunda mphamvu imaperewera, besi n'kumveka yofooka. Mawatsi a thiransifoma apose ndithu nambala yolembedwa kumbuyo kwa risiva. Ndipo ya ku Japan mukaipatsa 110 kapena 120 m'malo mwa 100, imatentha kuposa muyezo.

M'madera ena magetsi amafooka madzulo aliyense akayatsa zake. Risiva yomwe masana inali ndi mphamvu imayamba kusweka mawu msanga usiku. Inveta zotchipa za sola nazo zimatulutsa magetsi osasalala, ndipo mudzamva thiransifoma ya m'kati mwa risiva ikung'ung'uza. Pachifukwa ichi marisiva onse awiri ayesedwe nthawi imodzi, pa soketi imodzi.

Mvetseraninso ngati ili bwinobwino. Sipika imodzi ikamaduladula n'kubwerera mukakweza voliyumu, kawirikawiri ndi relay, kaswichi ka m'kati kolumikiza ampu ndi masipika, yomwe yachita dzimbiri. Kung'ung'uza kosalekeza m'masipika kumatha kukhala ma capacitor, tizida ta m'kati tosunga magetsi, okalamba. Risiva yodwala simungaiyerekeze ndi yamoyo n'kunena kuti kampani yakutiyakuti ndi yoipa. Musaitsegule nokha: ma capacitor akuluakulu amasunga magetsi ngakhale mwazula pulagi.

2. Chipinda chimodzi, masipika omwewo, malo omwewo

Pemphani mlamu wanu abweretse risiva yokha, masipika asiye. Mukakana kuchita zimenezi, masitepe ena onse alibe ntchito.

Masipika amasiyana kwambiri kuposa marisiva. Sipika yolembedwa 91 dB (decibel, muyeso wa kukwera kwa mawu) ndi ina yolembedwa 85 dB, kuti zimveke mofanana, yachiwiriyo imafuna mawatsi ochuluka kanayi. Chipinda nacho chimasintha mawu kuposa chilichonse m'bokosimo. Pabalaza pa simenti kapena matailosi, popanda siling'i, malata ali poyera, makoma opanda kanthu, mawu amabwerera kuchokera mbali zonse, ndipo zolankhula za mufilimu zimasokonekera. Kwa mnzanu mwina kuli siling'i, makatani olemera, kapeti ndi masofa a nsalu, zomwe zimameza mawu obwererawo.

Besi ili ndi khalidwe lakelake. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndipo m'chipinda cha mamita 4 m'litali, besi ya pafupi ndi 43 Hz imadziunjika kumakoma n'kuzimirira pakati. Ikani nyimbo ya besi, muyende kuchokera pakati pa chipinda mpaka pakona, mudzamva nokha. Amene sofa yake yagunda khoma amamva besi yambiri kuposa amene wakhala pakati, risiva ili yomweyo. Ndiye lembani ndi choko pomwe pali masipika ndi pomwe pali mpando wanu, ndipo pasasunthe kanthu mpaka mutamaliza.

Poyesa gwiritsani masipika awiri akutsogolo okha. Enawo ndi sabufa abwera kumapeto.

3. Mawaya

Wofiira ku wofiira, wakuda ku wakuda, ku risiva ndi ku sipika komwe. Mukatembenuza waya wa sipika imodzi yokha, palibe chimapsa, koma masipika awiriwo amayamba kukokana: besi imatha, ndipo mawu a woimba sakhalanso pakati, amangomwazika. Marisiva ambiri omwe anthu amawadandaula kuti alibe besi, vuto limakhala ili. Waya ukakhala wamtundu umodzi mbali zonse, yang'anitsitsani: mbali ina imakhala ndi kamzere kapena kamtunda.

Potani tinsonga ta kopa bwino, kamodzi kokha kakakhudza chitsulo cha kumbuyo risiva imadzizimitsa. Waya wonenepa bwino wa kopa ndi wokwanira, osataya ndalama pa mawaya odula. Owonda kwambiri aja, pa mtunda wautali, ndiwo amadya mphamvu. Komanso musalumikize masipika awiri pa malo a imodzi. Awiri a 8 ohms (muyeso wa mmene sipika imakanira magetsi; nambala ikachepa, ampu imalemedwa) amasanduka 4 ohms, awiri a 4 amasanduka 2, ndipo marisiva ambiri anapangidwira 6 mpaka 8.

4. Nyimbo ichokere kumodzi, kudzera njira imodzi

Osayerekeza risiva yomwe ikulandira pa Bluetooth ndi ina yolandira pa HDMI. Nyimbo zomwe zadutsa pa WhatsApp kapena zokopedwa kwa oika nyimbo m'mafulashi pamsika zimakhala zofinyidwa mosiyanasiyana, zina zokwezedwa mpaka kusweka. Sankhani nyimbo zitatu zoyera zomwe mumazidziwa bwino: ina ya mawu a munthu mmodzi, ina ya kwaya, ina ya besi ndi ng'oma. Chida choimbira chikhale chimodzi, nthambo imodzi, bowo la mtundu umodzi.

Ngati mukudutsira pa TV kapena pa dikoda ya DStv, lowani mu menyu yake muike mawu pa PCM, osati pa Dolby Digital, poyesapo. Dolby Digital imanyamula malangizo ake a kakwezedwe ka mawu, ndipo marisiva amatha kuwatsata mosiyana malinga ndi mmene anatcheredwera.

5. Zimitsani zokometsera zonse

Apa pali chinthu chomwe ogula zakaunjika ambiri sadziwa. Risiva imasunga zonse zomwe mwini wake woyamba anatchera. Ngati anaiyeza ndi maikolofoni m'nyumba yake ku Birmingham kapena ku Durban, mpaka lero ikukonza mawu molingana ndi chipinda chimenecho ndi masipika omwe inu simunawaonepo. Mwina anachepetsa sipika yakumanzere chifukwa inali pafupi ndi mpando wake. Mwina anaiuza kuti pali sabufa, ndiye besi yonse ikutumizidwa ku bowo lomwe kwanu kulibe cholumikizako.

Jambulani ndi foni masamba onse a menyu, kenaka ibwezereni mmene inachokera ku fakitale. Kachitidwe kake kamasiyana. Pa ma Yamaha ambiri a RX-V mumagwira batani la STRAIGHT uku mukuyatsa, n'kulowa mu Advanced Setup. Pa ena, lembani nambala ya model pa intaneti mupeze buku lake. Risiva ya mlamu wanu musaifufute popanda chilolezo chake.

Mukatero, uzani marisiva onse awiri kuti masipika akutsogolo ndi Large, kutanthauza kuti azilandira mawu onse ndi besi yomwe, ndipo sabufa palibe, kenaka dinani Pure Direct. Pa Onkyo dzina lake ndi Pure Audio kapena Direct. Batani limeneli limalambalala bass, treble, equalizer ndi zokonza chipinda. Onetsetsaninso kuti ECO ndi yozimitsa, chifukwa imachepetsa mphamvu ya ampu. Zoikamo monga Hall, Stadium, Movie, All Channel Stereo zonse zikhale pambali. Za Yamaha zotchedwa Cinema DSP zimawonjezera dala kamvekedwe ka holo yaikulu, ndipo munthu akazimva koyamba amaganiza kuti ndi ampu yomwe ili ndi mawu otambasuka.

Dziwani kuti Pure Direct imazimitsa chowonetsera manambala pa marisiva ambiri. Sichinafe, chimayaka kwakanthawi mukakhudza voliyumu.

6. Linganizani voliyumu ndi mita, osati ndi khutu

Sitepe iyi ndi yomwe pafupifupi aliyense amaidumpha, ndipo ndi yomwe imanamiza anthu ambiri. Ndikupemphani muiwerenge modekha.

Khutu la munthu silimva besi ndi mawu akuthwa mofanana pa voliyumu zonse. Mawu akakhala otsika, besi ndiyo imayamba kuzimirira. Akakwera pang'ono, besi imadzaza, zing'wenyeng'wenye zimaonekera. Harvey Fletcher ndi Wilden Munson anayeza zimenezi ku America mu 1933, ndipo batani la Loudness pa mawailesi akale linabwera chifukwa cha nkhani yomweyi. Vuto lake ndi lakuti kusiyana kukakhala kochepa, ngati theka la decibel kapena decibel imodzi, simumva kuti iyi yakwera. Mumamva kuti iyi ndi yokoma, ili ndi thupi, mawu ake ndi oyera. Wogulitsa akakuyatsirani marisiva awiri, womwe wakwezedwa pang'onoyo ndi womwe mudzatenge, ngakhale iye sanachite dala.

Manambala a pa chowonetsera sangakuthandizeni. Denon imatha kuonetsa 0 mpaka 98, kapena kuchokera ku -79.5 dB kufika +18 dB. Yamaha zambiri zimayambira -80 dB kufika +16.5 dB. Sony zambiri zili ndi manambala akeake. 40 wa iyi si 40 wa iyo, ngakhale -30 dB wa marisiva awiri osayezedwa sakhala wofanana. Kudalira manambalawa kuli ngati kuyeza belo limodzi la fodya pa masikelo awiri osagwirizana n'kumakangana kuti lolemera ndi liti. Zoti batani lazungulira mpaka pati sizinenanso za mphamvu. Risiva yomwe imafuula batani lili pa kota siyamphamvu kuposa inzake, yangopangidwa kuti izikwera msanga.

Mufunika multimeter, mita ija ya okonza mawailesi. Chenjerani ndi kamita kotchipa komwe mbali ya AC kali ndi 200 ndi 750 basi: sikaona bwino magetsi ochepa ngati awa. Pezani yomwe ili ndi 2 kapena 20 volts ku AC, kapena yosankha yokha. Ngati mulibe, bwerekani kwa wokonza mawailesi kapena wamagetsi pa boma pano, ntchito yake ndi ya mphindi zochepa. Mufunikanso kaliwu koyezera, kolira mosasintha pa 400 Hz. Pali ma app aulere otulutsa kaliwu kotere, kapena koperani fayilo yake muike m'chida chomwe mukuimbira nyimbo. Ndasankha 400 Hz chifukwa mita wamba zinapangidwira magetsi a m'nyumba, ndipo zambiri zimayamba kunama mukapyola pamenepo. Ngati app ikulola, katsitseni kaliwuko kafike -20 dB kuti kasakuboweni m'makutu.

Kachitidwe kake ndi aka. Lumikizani risiva yoyamba, imbani nyimbo, kwezani mpaka pomwe mumamvetsera mwamtendere, osati pa phwando. Lembani nambala ya voliyumu papepala ndipo musaikhudzenso. Imitsani nyimbo. Ikani mita pa AC volts, nsonga yofiira pa chomangira chofiira cha sipika yakumanzere, yakuda pa chakuda, sipika ili chilumikizire. Nsonga ziwirizo zisakhudzane ngakhale pang'ono, chifukwa kumeneko ndi kuwotcha ampu. Lizani kaliwu kwa masekondi ochepa, werengani mita, lembani. Tinene kuti yaonetsa 1.00. Zimitsani risiva, samutsirani mawaya ku yachiwiri, yambani voliyumu ili pansi, lizani kaliwu komweko osasintha chilichonse pa foni kapena pa chida choimbira, ndipo kwezani pang'onopang'ono mpaka mita ifike pa 1.00 pomwepo. Lembani nambala ya voliyumu ya risiva imeneyi. Manambala awiriwa ndiwo muzigwiritsa ntchito pa kuyesa konse.

Kodi zifanane mpaka pati? Decibel imodzi ndi kusiyana kwa pafupifupi 12 pa 100 pa mita, kutanthauza 1.00 ndi 1.12. Theka la decibel ndi 1.00 ndi 1.06. Oyesa mwaukatswiri amafuna 0.1 dB, yomwe ndi 1.00 ndi 1.01. Marisiva ambiri amakwera ndi theka la decibel pa kudina kumodzi, ena ndi decibel yathunthu, choncho mwina simufika ndendende. Yesani kusuntha yoyamba ija ndi kudina kumodzi kapena kuwiri, muyezenso, mpaka mutapeza pomwe awiriwo ayandikana kwambiri. Mukafika pakati pa 0.98 ndi 1.02 mwachita bwino. Zikakanika, yomwe mukuiganizira kuti siikumveka bwino ndiyo ikhale yokwererapo pang'ono. Ikagonjabe ili ndi mwayi umenewo, ndiye kuti mwamvadi kanthu.

Yezaninso sipika yakumanja pa marisiva onse awiri. Ikasiyana kwambiri ndi yakumanzere, mwapeza vuto la balance kapena la relay, ndipo likonzedwe kaye.

App ya pafoni yoyeza phokoso ingathandize ngati mita yasowa, koma foni igone malo amodzi osasunthidwa, ndipo m'malo mwa kaliwu gwiritsani phokoso lija lotchedwa pink noise. Ndi njira yachiwiri, ndipo siifika pa mita.

7. Mvetserani musakudziwa yomwe ikuimba

Maso amalowerera pa zomwe khutu likumva. Mukadziwa kuti iyi ndi Marantz yodula, mudzaimva kukoma, ndipo si kuti mukunama. Tonse tinapangidwa choncho.

Pezani mnzanu wodekha. Marisiva akhale kuseri kwa katani kapena kumbuyo kwa mpando wanu, koma osawafunditsa nsalu pamwamba, amafuna mpweya. Inu tulukani panja. Mnzanuyo aponye ndalama yachitsulo, mbali ina ikhale risiva yoyamba, ina yachiwiri, azimitse zonse, alumikize yomwe yagwa, aike voliyumu ya papepala ija, alembe mwachinsinsi. Ngakhale ndalama itagwa mbali yomweyo kawiri, azule ndi kulumikizanso kuti nthawi ikhale yofanana. Mukalowa asakuyang'aneni, asayankhule. Mvetserani kachigawo komweko ka nyimbo, masekondi 20 kapena 30, mulembe yomwe mukuganiza. Khutu silisunga kamvekedwe nthawi yaitali, choncho kusinthako kuzichitika msanga.

Chitani maulendo 10. Munthu wongolota amapeza pafupifupi 5. Kupeza 9 kapena 10 mwamwayi kumachitika pafupifupi kamodzi pa 100, choncho mukafika pamenepo kusiyanako ndi kwenikweni. Mukapeza 5, 6 kapena 7, marisivawo pa voliyumu imeneyo ndi masipika amenewo akumveka mofanana kwa inu, ndipo kugulitsa yanu chifukwa cha kamvekedwe n'kutaya ndalama.

8. Tsopano kwezani, muone mphamvu yeniyeni

Apa ndi pomwe ampu zimasiyanadi. Ampu ikafunsidwa mphamvu yoposa yomwe ili nayo, imadula nsonga za mawu. Mudzamva ng'oma zikuphwanyika, mawu a woimba akukanda, besi ikuchita phwatapwata. Risiva ya thiransifoma yaikulu ndi ma capacitor akuluakulu imafika patali isanayambe zimenezi, makamaka masipika onse 5 akamaimba limodzi kapena akakhala a 4 ohms. Kwezani pang'onopang'ono, ndipo mukangomva kukanda tsitsani msanga. Mawu odulidwawa ndiwo amawotcha matwita, timasipika tating'ono ta mawu akuthwa tija. Ampu yaing'ono yokakamizidwa imapha matwita kuposa mmene anthu amaganizira.

Za mawatsi olembedwa pa katoni, werengani timalemba tating'ono. Kampani imodzi yomweyo imatha kulemba nambala yaikulu yoyezedwa pa sipika imodzi, 6 ohms, 1 kHz, mawu atasweka kale ndi 10 pa 100, ndi ina yocheperapo yoyezedwa pa masipika awiri, 8 ohms, kuyambira 20 Hz mpaka 20 kHz, kusweka kusanafike 0.1 pa 100. Yachiwiriyi ndiyo muziyerekeza. Nambala za PMPO, zija za 3000 kapena 5000 watts pa kabokosi konyamula ndi dzanja limodzi, zisiyeni, sizikuuzani kanthu. Kumbukiraninso kuti 80 watts ndi 100 watts zimasiyana ndi decibel imodzi yokha. Kuwirikiza mawatsi kawiri kumapereka 3 dB, ndipo kuti khutu limve ngati mawu awirikiza kawiri pamafunika mawatsi ochuluka pafupifupi kakhumi. Amene akufuna kudzaza holo ya tchalitchi kapena malo oonetsera mpira asalimbane ndi risiva ya pabalaza, agule ampu ya PA, ija ya zimkuzamawu za pamisonkhano, ndi masipika ake.

Marisiva ena ali ndi posankha 8 ohms kapena 6 ndi 4 ohms. Mukasankha yotsikayo, risiva imachepetsa mphamvu yake kuti isatenthe, choncho onani kuti onse awiri ali pofanana. Kutenthako si nkhani yaing'ono kuno. M'mwezi wa Okutobala, m'nyumba ya malata, risiva yotsekeredwa m'kabati dikoda ili pamwamba pake imadzizimitsa kapena kukalamba msanga. Isiyireni mpata wa masentimita 20 kapena 30 pamwamba, ndipo fumbi la m'mabowo ake muzilichotsa ndi burashi youma pulagi ili yozula.

9. Yatsaninso zokonza chipinda, pomwe pali kusiyana kwakukulu

Mukachoka pa Pure Direct n'kubwezera sabufa ndi masipika onse, marisiva amasiyanadi, ndipo kusiyanaku n'kopangidwa dala. Denon ndi Marantz, zomwe zakhala pansi pa kampani imodzi kuyambira 2002, zimagwiritsa Audyssey. Yamaha ili ndi YPAO, Pioneer MCACC, Onkyo zatsopano AccuEQ, Sony DCAC. Zonsezi zimamvetsera chipinda chanu ndi kamaikolofoni n'kukonza mawu, koma cholinga cha iliyonse ndi chosiyana. Audyssey ikakhala pa Reference imatsitsako mawu akuthwa kwambiri, ndipo Dynamic EQ yake imawonjezera besi voliyumu ikakhala pansi. Munthu akamati Denon ili ndi besi yokoma usiku, nthawi zambiri akumva Dynamic EQ. YPAO imakupatsani Flat, Front ndi Natural, ndipo risiva imodzi yomweyo imamveka mitundu itatu.

Ngati kamaikolofoni kalipo, kagwiritseni bwino. Kakhale pomwe pamakhala mutu wanu mukakhala pansi, koyang'ana kudenga, osati m'manja mwanu. Sankhani nthawi yachete: chigayo chisakulira, mvula isakugwa pa malata, ana ali panja. Batani la voliyumu la sabufa likhale pakati, la crossover yake, loika malire a besi yomwe imaimba, lifike kumapeto. Kamaikolofoni ka kampani ina musakaike pa risiva ya kampani ina, kadzalowa pabowo koma kadzayeza zabodza.

Risiva ikamaliza kuyeza musangovomereza. Onani ngati yaika masipika anu pa Large. Ngati muli ndi sabufa, abwezereni pa Small, ngakhale ndi aatali. Small sikunyoza sipika, kumangotanthauza kuti besi yozama ipite ku sabufa, ndipo ampu ya risiva imapepukidwa ntchito. Crossover, pomwe sipika imasiyira sabufa, yambirani pa 80 Hz. Timasipika tating'ono ngati chibakera timafuna 120 kapena 150 Hz. Ngati risiva yasankha nambala yokwera, musaitsitse.

Ambiri akaunjika amafika opanda kamaikolofoni, ndipo si chifukwa chotayira mtima. Tengani tepi muyeze kuchokera pa mpando kufika pa sipika iliyonse, mulembe mu Distance. Masentimita 34 ndi kuchedwa kwa gawo limodzi mwa magawo 1000 a sekondi, ndipo risiva imagwiritsa manambalawa kuti mawu onse afike pa khutu nthawi imodzi. Kenaka lowani mu Test Tone, ikani foni ya app yoyeza phokoso pa mpando, mulinganize masipika onse afanane. Sabufa foni siimva bwino, imeneyo malizani ndi khutu: kwezani mpaka muyambe kuimva payokha, kenaka tsitsani pang'ono.

Ngati dandaulo lanu linali lakuti zolankhula mufilimu sizimveka koma mabomba akugwedeza malata, kwezani sipika yapakati ndi 2 kapena 3 dB, muitulutse m'kati mwa kabati ifike m'mphepete, iyang'ane kumaso kwanu. Usiku yatsani Dynamic Volume, DRC kapena Night Mode, malinga ndi dzina la pa risiva yanu. Yalani kapeti kapena mkeka pakati pa masipika ndi mpando, ikani makatani, sofa ichoke kukhoma ngakhale ndi theka la mita.

Zifukwa zomveka zosinthira risiva zilipo: yanu ikusweka mawu pa voliyumu yomwe mumaifunadi, ikuzima ndi masipika a 4 ohms, HDMI yake siikudutsa chithunzi cha TV yanu yatsopano, kapena ndi ya 100 volts ndipo mwatopa ndi thiransifoma. Ngati palibe chimodzi mwa izi ndipo pa sitepe 7 munalephera kuwasiyanitsa, ndalamayo ipite ku masipika awiri akutsogolo ndi yapakati, kenaka sabufa. Pokagula yakaunjika, kaya pano pa boma, ku Lilongwe kapena kwa obwera nazo ku Chipata kudzera pa Mwami, nyamulani fulashi yanu, yesani malo onse omangirira masipika limodzilimodzi ndi sipika imodzi, yesani mabowo onse a HDMI, isiyeni iimbe mphindi 20 muone ngati siizima, ndipo rimoti ndi kamaikolofoni muzifunse musanayambe kunenerera mtengo.